Makilo 43 ndi Theka

Dzuwa likapendeka, Maame Konadu ankazungulira pabwalo pawo kugoneka mipando. Ankayamba ndi wawo wosema uja, umene unachita kuda ndi zaka, n'kuugoneka chammbali. Kenako ankatsamiritsa kukhoma wa malemu amuna awo, kenako timipando ta alendo, n'kumalizira kamene ankakhalira potembenuza fufu, nsima yathu ya chinangwa, mumtondo. Kwathu ku Ntimkrom mpando susiyidwa chiimire mwini wake atadzukapo. Zoyenda mumphepo nazo zimatopa, ndipo zikaona pokhala sizipempha. Mwana aliyense amadziwa zimenezi asanaphunzire n'kuwerenga komwe.

Madzulo amene ndikunenawa, mwana wawo wamkazi, Dufie, anali pakhonde laputopu ili pamiyendo, akuigogoda ngati yamulakwira. Fufu wake anali atazizira kalekale m'mbale.

"Wako uja wa kushedi waugoneka?" anafunsa mayiwo.

"Amayi, uja ndinaumanga pasimenti ndi mabawuti anayi. Ndiugoneka bwanji?"

"Ndiye kuti ukachokapo umangokhala tong'o, kudikira?"

"Umadikira ine."

Mayiwo anangotola mbale ija n'kuivundikira.

Dufie anaphunzira zamagetsi ku Kumasi, n'kutha zaka zitatu akuyenda m'maofesi ndi envulopu ya mapepala mpaka nsapato kutha zidendene. Atabwerera kumudzi sanafune kukhala manja lende. Kuno koko, mbewu yopangira chokoleti ija, amatsika kuminda pa aboboyaa, njinga zamoto za matayala atatu zija, ndipo chaka chilichonse ina imagubuduzika pachitunda cha kumlatho, chifukwa oyendetsa ake amaphunzira Lolemba, Lachiwiri n'kusenza matumba khumi. Dufie anati apanga mpando wophunzirira, woti munthu azigwa kakhumi osathyoka fupa. Amalume ake, a Ntiamoa, amene ankatsogolera bungwe la alimi a koko, anamupatsa kachipinda ka kuseri kwa shedi yosungiramo koko. A Ntiamoa ndi munthu wabwino, koma wamantha ngati nkhuku yoona mthunzi wa mphamba, ndipo amavomera zimene wanena womaliza kulankhula.

Mpandowo unali wa galimoto yakufa, wokhala ndi zigwiriro za njinga kutsogolo ndi mamota awiri a mawaipa, zopukutira galasi la galimoto zija, kunsi kwake. Mu laputopu, ndi pulogalamu imene amapangira magemu, Dufie anamanga mudzi wathu wonse: msewu, tchalitchi, dzenje lalikulu la pafupi ndi tchalitchi, mlatho, ndi nyumba ya aliyense. Ine ndimakazinga nthochi ndi kuphika nyemba moyang'anizana ndi shediyo, ndipo nditaona kuti khitchini yanga waijambula yopendekeka ndinamukalipira. Ndi yopendekekadi, koma panalibe chifukwa chouzira dziko.

Pakati pa laputopu ndi mpando panali chingwe chimodzi chokha, cholowa m'kabolodi kamagetsi kokwana m'chikhatho. Gemu inkatumiza manambala m'chingwemo mondondozana ngati nyerere: pendekera kumanja pang'ono, weramira kutsogolo, gwedezeka. Kabolodi kankawerenga n'kulamula mamota. Nako kankabweza manambala ake, onena mmene zigwiriro zakhotera, moto umene woyendetsa wapatsa, ndi kulemera kwa wokhalapo, popeza pansi pa khushoni Dufie anaikapo kachitsulo ka sikelo kuti mamota asamavine popanda munthu.

Nzeru zonsezo, koma chinthucho chinali ndi nthenda. Chinkayenda bwinobwino mphindi zinayi. Kenako mpando unkayamba kuchedwa, kumapendekera kukhota kumene njinga inadutsa kale, ndipo pomaliza gemu inkangouma gwaa. Kuchokera pashedi, mphindi zinayi zinkakufikitsa pamlatho, pakamwa penipeni pa chitunda chimene Dufie ankafuna kuphunzitsira anthu. Anasintha chingwe katatu. Anasintha liwiro la manambala, kulikweza, kulitsitsa, kulikwezanso. Anawotcherera mawaya mpaka zala kuchita matuza. Tsiku lina chinayenda mphindi zisanu, iye n'kutuluka akuvina, mawa lake n'kubwerera pa zinayi zomwe zija osakhudza kalikonse. Oyendetsa aboboyaa ankabwera kudzasuzumira n'kumamufunsa ngati ku Kumasi anamuphunzitsa mpaka pamlatho pokha, zotsalazo anathawa mayeso. Kangapo konse ndinamumva akuuza kabolodi kaja mawu amene sindingawabwereze pano.

Pofuna kugwira nthendayo, anayamba kumasiya zonse zili choyaka akamapita kukadya masana, gemu ikulemba m'kaundula wake chilichonse chodutsa m'chingwe. Ankakhoma chitseko, mpando n'kutsala chiimire, woyang'ana msewu wa mudzi wathu pa sikirini. Tsoka silinunkha, amatero akuluakulu. Ilo lathu linanunkha ndithu, koma tinalibe nzeru.

Linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, mudzi uli zii anthu ali kuminda. Ndikutembenuza nthochi m'mafuta ndinamva mamota aja akulira, ngwii, ngwii, ndipo ndinati mtsikanayu lero wagonera ntchito osadya. Kenako kunabwera fungo la petulo, lamphamvu mpaka kuphimba la mafuta anga, chonsecho m'shedimo munalibe ngakhale dontho. Patapita kanthawi kunakhala chete. Apo m'pamene ndinamuona Dufie akutsika kuchokera kumtunda kwawo, akutokosa m'mano, kiyi wa kachipinda kaja ali m'manja.

Anapeza kanjinga ka pa sikirini kataima pakhomo pa Opanin Boadu, wogema uchema, nyumba yachitatu kuchokera pashedi. Kaundula anati kwa mphindi ziwiri pampando panali makilo 71. Dufie anatsonya. Anati ndi malata: akatentha, kachitsulo ka sikelo kamanama, ndipo mawaya otentha amatola phokoso lililonse. Analemba pakapepala kuti aike mphasa kudenga, n'kubwerera ku nthenda yake ya pamlatho.

Madzulo ake Opanin Boadu anadandaula msana. Anauza akazi awo kuti thupi lonse likumva ngati awanyamula kumbuyo kwa aboboyaa pamsewu wa mabampu, pamodzi ndi matumba. M'mawa mwake ankalavula malovu ofiira ndi fumbi. Kuchipatala anawayeza zonse osapeza kanthu, ndipo tsiku lachitatu anatisiya. Tinalira, tinavina, tinaika. Palibe anaganiza za mpando, pakuti bamboyo ankalawa kwambiri malonda ake.

Patatha milungu iwiri mamota analiranso masana, fungo lija n'kubweranso. Ulendo uno ndinasiya chiwaya pamoto n'kukasuzumira pazenera. Ndinaona ndi maso angawa zigwiriro zikukhota zokha, khushoni itaphwa pakati ngati pakhala munthu, mpando ukugwedera mwaulemu pa mabampu. Kanjinga kanakaima pakhomo pa Eno Frimpomaa, wogulitsa nsomba zouma, ndipo khushoni ija inafufumanso. Nthochi zanga zinapserera zonse. Dufie atafika ndinamugwira mkono.

"Muli munthu m'menemo."

"Azakhali, kiyi ndili naye ndine."

"Ndikuti ndaona khushoni ikuphwa."

"Ndi ya siponji yakale, imatero ikatentha. Musandiwonjezere mavuto, ndili nawo okwanira."

Anayang'ana kaundula, anaona makilo 58, n'kunenanso za malata. Eno Frimpomaa anayamba msana tsiku lomwelo. Ndinapita kukawazonda mawa lake, ndipo m'chipinda mwawo, m'malo mwa fungo la nsomba limene tinalizolowera, munkanunkha petulo. Titawaika, ndinauza mnzanga mmodzi yekha zimene ndinaona, ndipo ndinachita kumulumbiritsa. Pofika madzulo nkhaniyo inali itafika kumidzi itatu. Lilime lilibe fupa, ndipo langa ndimalidziwa.

Mudzi unasanduka wina. Azimayi ankagoneka ngakhale mabenchi a m'tchalitchi. Anthu anasiya kuchedwa kuminda, dzuwa likamakwera aliyense ali pakhonde pake, khutu lili kushedi. Ena anati mfiti za masiku ano zatopa ndi kuyenda pansi, zapeza galimoto yaulere. Ena anati Dufie anajambula nyumba zathu dala kuti azilozera njira. Maame Konadu anamudandaulira kuti azimitse chinthucho ngakhale kwa mlungu umodzi, mitima ya anthu itsike. Koma Dufie mutu wake ndi wouma ngati wa malemu bambo ake. Anati akazimitsa ndiye kuti wavomera, ndipo akavomera palibe woyendetsa aboboyaa amene adzakhalepo pampandowo mpaka kalekale. Masiku anayi otsatizana mamota analira masana, kanjinga kananyamuka kokha kulunjika kumtunda, n'kukauma pamlatho monga mwa nthenda yake. Sipanafe munthu, ndipo Dufie ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Tsiku lachisanu a Ntiamoa anaitanitsa anthu pabwalo la shedi, pamene pali sikelo yaikulu yoyezera koko. Thukuta lili kamukamu, ananena kuti mpando uwotchedwe. Dufie anaimirira maso atafiira. Anafotokoza za malata, za mawaya, za kutentha, anthu n'kumangoyang'anana. Anafunsa kuti masiku anayi onsewa mpando ukugwedezeka, wafa ndani? Wina kumbuyo anayankha kuti sukulu inamuzunguza mutu, anthu n'kuseka. Apo zinamukwana.

"Inu anthu, tamverani. Chinthuchi chikunama. Masiku onse anayiwa chikuti pampando pali makilo 43 ndi theka. Tsono mfiti yake iti yobwera ndi theka? Kodi mphepo imakwera sikelo?"

Ndinaona mitu ikutembenuka umodziumodzi kuyang'ana sikelo ya koko ija. Dufie anatsatira maso awo, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa. Anayesa kubweza mawu, akuti sizimene amatanthauza, koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa.

Amuna, monga mwa masiku onse, anagwirizana msanga kuti mfiti yopepuka choncho singakhale yaimuna. Anatindandalitsa ife akazi, kuyambira amene tinasiya kubereka. Woyeza anali a Sarpong, kalaliki wa shedi, munthu wofatsa amene wakhala pa sikeloyo zaka makumi awiri ndipo saiwala nambala, ngakhale ya thumba la chaka chatha. Sanafune, koma anawakakamiza. Ine ndinakwera n'kugunda 88, ndipo kanali koyamba kuthokoza Mulungu chifukwa cha thupi langali. Ena anabisa miyala m'nsalu. Ena ankalira asanakwere n'komwe. Maame Konadu anavula patapata, anakwera akuseka, akuti tiyeni tithane nazo msanga ndasiya chinangwa pamoto. A Sarpong anasuntha kachitsulo, anakabweza, anakasunthanso. Sanatchule nambala. Wina anawasuzumira paphewa n'kuwatchulira: 43 ndi theka.

Zonse zinangolumikizana zokha ngati zinkadikira tsikulo. Nyumba ya Maame Konadu ili kumtunda, kutsidya kwa mlatho, ndipo kanjinga kankalunjika komweko. Anati imeneyo ndi mfiti ikubwerera kwawo. Kuuma kwa pamlatho anati ndi Dufie wamanga dala kuti abise mayi ake. Anakumbutsana kuti amuna a mayiwo anafa mwadzidzidzi, ndi kuti chaka china anakangana ndi Frimpomaa pa nkhani ya mbuzi. Palibe anakumbutsa kuti Frimpomaa anakangana ndi mudzi wonse pa mbuzi yomweyo. A Ntiamoa, mlongo wawo wa bere limodzi, analira misozi yeniyeni, koma ananena kuti pofika Loweruka achemwali awo akhale atachoka m'mudzi, asadzapondemonso. Kwathu kuno wopirikitsidwa chotero saikidwa pamanda a abale ake. Kwa mayi wa zaka 67, imeneyo ndi imfa iwiri.

Dufie anagwada pamaso pa amalume ake, chinthu chimene ndinali ndisanamuonepo akuchita. Anapempha mwayi umodzi. Aliyense amadziwa kuti mfiti ikatuluka imasiya thupi lili mtulo tofa nato. Tsono Lachinayi masana mayi ake akhale pamphasa pamaso pa mudzi wonse, ali maso, akulankhula, ndipo mpando ukagwedezeka iwo ali maso, ndiye kuti si iwo. A Ntiamoa anavomera. Wina atalankhula pambuyo pake, anavomeranso za ameneyo: kanjingako kasaumenso pamlatho, kayende mpaka kumene kakupita, tione. Kakauma, ndiye kuti mwana akubisa mayi ake, ndipo mlandu watha. Dufie sanatsutse, pakuti ankakhulupirira kuti kanthu kopanda woyendetsa kakangowoloka kadzagwera m'thengo pa kukhota koyamba, anthu n'kuchita manyazi.

Anatsala ndi Lachitatu lokha kuti achiritse nthenda imene inamukanika miyezi iwiri. Tsiku lonse anali m'kachipinda kaja osadya, mawaya ali mbwee. Anayesa chingwe chachifupi, chinauma. Anachotsa mitengo ndi nyumba zina mu gemu kuti ipepuke, inauma pamlatho pomwe paja. Maame Konadu anabwera kudzakhala pakhomo pake ndi nsengwa ya mtedza, chifukwa kumsika palibe anawayankha moni, ngakhale ine, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Chakumadzulo Dufie anamenya tebulo n'kugwetsa mutu pamikono. Mayiwo anamufunsa kuti chavuta n'chiyani kwenikweni, anene m'chilankhulo cha anthu. Dufie anati gemu imalankhula ka 60 pa sekondi imodzi, kabolodi kamamva, koma penapake zimatsamwa ndipo iye sakudziwa kuti ndi pati.

"Iwe uli wakhanda unkatero," anatero mayiwo akuswa mtedza. "Ndikakupakira phala lina usanameze, unkalisunga m'masaya mpaka kutsamwa. Mwana umadikira ameze."

Dufie anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Miyezi iwiri ankasaka vuto m'mawaya, chonsecho manambala ankangounjikana pakhomo pa kabolodi, akale asanawerengedwe atsopano n'kufika, mpaka mzere kudzaza. Anakonza kuti gemu izitumiza pokhapokha kabolodi kakayankha kuti kameza, ndi kuti otsalira akale azitayidwa. Poopa kuti mawa chingaumenso pa chifukwa china, anawonjezera chachitatu: chingwe chikati chakhala chete, gemu isamaime kudikira, izingopitiriza ndi manambala omaliza amene inalandira. Kenako anakhala pampando yekha. Anadutsa tchalitchi, anawoloka mlatho, anakwera chitunda, anazungulira mudzi katatu osauma. Anatsika akulira ndi kuseka, anawakumbatira mayi ake n'kuwanyamula m'mwamba, iwo akumukalipira kuti awatayira mtedza.

Lachinayi palibe anapita kumunda. Anatsegula chitseko cha kachipinda kuti mpando uzioneka, laputopu anaiika patebulo pakhomo, a Sarpong n'kuima pambali pa Dufie ngati mboni yowerenga manambala. Maame Konadu anawakhazika pamphasa pakati pa bwalo n'kuwauza kuti aziimba nyimbo ya kutchalitchi kuti asawodzere. Ankaimba mokweza dala, akuyang'ana mlongo wawo m'maso. Dzuwa linakwera, mithunzi n'kulowa pansi pa mapazi. Ena anayamba kunong'ona kuti mfiti yagwidwa, lero singatuluke, ndipo ndinaona Dufie akuluma mlomo, akupemphera kuti chinthu chimene ankati ndi bodza chichitikenso.

Kenako fungo la petulo linadutsa pakati pathu. Khushoni inaphwa, mamota n'kuyamba kulira.

"Makilo 43 ndi theka," anawerenga a Sarpong.

Maame Konadu anali maso ngati ine ndi inu, mtedza uli m'manja, nyimbo ili pakamwa. Anaimba mzere wina umodzi n'kuleka. A Ntiamoa anagwira kumutu, kenako anagwada pafumbi. Azimayi anayamba nthungululu, ena n'kuthamangira dongo loyera limene timapaka munthu amene wapambana mlandu. Dufie anausa moyo n'kutsegula pakamwa kuti anenenso za malata. Mawu sanatuluke, chifukwa pa sikirini kanjinga kanafika pa dzenje la kutchalitchi, kanachepetsa moto, n'kulizemba bwinobwino ngati mmene amachitira munthu wodziwa msewu.

Ife amene tinali pafupi ndi tebulo tinaona kakudutsa makomo athu limodzilimodzi, ndipo aliyense kakamupitirira ankatulutsa mpweya. Kanafika pamlatho, kanawoloka. Sikanagwere m'thengo. Kanakhota mwaluso n'kuyamba chitunda. A Sarpong, amene maso awo sachoka pa manambala, anali kuyang'ana mizere yakale ya kaundula m'mbali mwa sikirini.

"Mwana wanga, 71 uyu ndi wa liti?"

"Wa mlungu uja wa Opanin Boadu."

"Nanga 58?"

"Wa Eno Frimpomaa. Bwanji?"

"Boadu anakwera sikelo yanga pa Isitala, mocheza. Anali 71. Frimpomaa anali 58, anachita kunditukwana kuti sikelo yanga imaba." Anatembenukira kwa Dufie. "Ichi sichikuyeza woyendetsa, mwana wanga. Chikuyeza katundu."

Dufie anazula chingwe. Mamota anakhala chete pomwepo, mpando n'kuima. Koma gemu inachita zimene anaiphunzitsa dzulo lake. Sinadikire. Inapitiriza ndi manambala omaliza, ndipo kuchokera pamwamba pa chitunda msewu ndi wowongoka, umakathera pachipata cha Maame Konadu. Dufie anadinikiza batani lozimitsira, lija lofuna kuti uligwire kanthawi. Ndinamumva akuwerenga chapansipansi. Sikirini isanade, kanjinga kanagunda chipata pang'ono n'kuima. M'kachipinda muja khushoni inafufuma pang'onopang'ono.

Amene tinaona tinali anayi kapena asanu. Ena onse anali pachisangalalo. Anawapaka Maame Konadu dongo loyera pamphumi, m'mikono ndi m'khosi, ndipo amene anawalavulira dzana ndi amene ankapaka kwambiri kuposa anzawo. A Ntiamoa analonjeza nkhosa yopepesera. Oyendetsa aboboyaa anawanyamula pamapewa kuzungulira nawo bwalo, mayiwo akuseka ngati mtsikana, akukodola mwana wawo kuti adzaone. Dufie anaima pomwepo, chingwe chili lende m'manja.

"Basi, ana inu, nditsitseni," anatero mayiwo atazungulira kachiwiri. "Msanawu. Mwandigwedeza ngati ndili kumbuyo kwa aboboyaa."

Dufie anachita zonse zimene mwana angachite. Madzulo omwewo anadula mabawuti ndi sowo, anagwetsa mpando chammbali, n'kuphwanya kabolodi ndi mwala. M'mawa mwake anawatengera mayi ake ku Kumasi, kumene anawajambula ndi makina onse n'kunena kuti sakuona chovuta. Pobwerera anadzera kwa abusa, anadzeranso kwa asing'anga amene kale ankawaseka. Sanawauze mayi ake kalikonse, ndipo ife amene tinaona tinatseka pakamwa, ngakhale ine. Maame Konadu anamwalira Loweruka, tsiku lomwe anawalamula kuchoka m'mudzi. Anamwalira m'nyumba mwawo, fumbi lofiira lili pamilomo, ali wokondwa kuti dzina lawo layera.

Amene ankayendetsa sitinamudziwe mpaka lero. Tsiku lija palibe anawerenga amene sanabwere pabwalo, kapena amene anatsala kunyumba ali mtulo dzuwa lili paliwombo. Tonse maso anali pa mayi mmodzi wosalakwa. A Sarpong salolanso munthu kukwera sikelo yawo, ngakhale mocheza. Timapatsana moni m'mawa, timadyera limodzi pamaliro, ndipo aboboyaa zikugubuduzikabe pachitunda cha kumlatho.

Ine ndinali mmodzi wa azimayi osambitsa thupi. Dufie sankayenera kulowa, koma analowa ndipo palibe anamuletsa. Titatembenuza mutu ndinapeza dongo loyera lija litatsalira kuseri kwa makutu ndi m'mizere ya khosi. Ndinanyowetsa kansalu kuti ndipukute. Dufie anandigwira dzanja.

"Lisiyeni, azakhali," anatero. "Miyezi iwiri ndinalimbana nacho chinthu chija. Chimene ndinawapezera ndi chokhachi."

Tinawaika nalo, pamanda a abale awo.